Mukagwira nsomba yachilendo musathamangire kuyiphika, isungeni chonchi

Mwezi watha mnyamata wina kwathu kuno ku Muloza anawedza kansomba mu Ruo koti ngakhale agogo ake akuti sanakaonepo, koma pofika madzulo kanali kali mupoto ndi tomato, olo chithunzi palibe. Zinandiwawa zedi, nsomba ngati zimenezi ndi zomwe akatswiri amasakasaka.

Choyamba jambulani pompo isanafe kapena itangofa, chifukwa mtundu wake umazilala msanga. Igonekeni pa mbale yoyera mutu uloze kumanzere, tambasulani zipsepse ndi zala, pambali pake ikani rula kapena bokosi la machesi kuti kukula kwake kuoneke, kenako jambulaninso kukamwa ndi kumimba.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, musayitumbule. Ife tinazolowera kuti nsomba ikangofika pakhomo mpeni uli kale pamimba, koma zam'kati ndi zomwe zimanena zambiri. Mu December 1938 asodzi ku East London ku South Africa anakola m'nyanja chinsomba cha buluu chotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, coelacanth, chomwe anthu ankaganiza kuti chinatha padziko zaka 66 miliyoni zapitazo. Mayi Marjorie Courtenay-Latimer a kumyuziyamu anasowa pochisunga kozizira ndiye anapita nacho kwa munthu wokonza zikopa za nyama, zam'mimba zonse zinatayidwa. Uthenga wa katswiri wa nsomba J.L.B. Smith woti sungani mafupa ndi makha unafika mochedwa, mpaka bamboyo anadikira zaka 14 kuti ina yathunthu ipezeke ku Comoros mu 1952. Tangoganizani, zaka 14 chifukwa cha matumbo basi.

Ndiye ikulungeni mu jumbo yoyera muyike mu filiji kumalo kouma madzi kuja. Ngati kulibe magetsi kapena akuzimazima, pezani botolo lagalasi lotseka bwino muthiremo spiriti wa ku famase mpaka nsomba imire yonse, spiriti achuluke kuposa nsombayo. Kumamyuziyamu amasunga mu mowa wa 70 peresenti, kachasu musamudalire chifukwa mphamvu yake simungayidziwe. Ikakhala yokulirapo chekani pang'ono chabe pamimba mbali ya kumanja kuti spiriti alowe, osatulutsa kanthu, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri musinthe spiritiyo poti nsomba imatulutsa madzi ake n'kumusukulutsa. Fomalini, mankhwala osungira mitembo aja, asiyireni akatswiri, ndi poizoni, amawotcha maso ndi m'mphuno komanso amaononga DNA. Botolo likhale kutali ndi moto ndi ana.

Kapepala musaiwale. Lembani ndi pensulo osati bolopeni chifukwa inki imasungunuka mu spiriti, tsiku, mtsinje, mudzi, pomwe munayigwira kaya pamiyala kaya padziwe, ngati munayigwira ndi mbedza kapena mono, ndi dzina lomwe akuluakulu akuyitchula kaya mu Chichewa kaya mu Chilomwe. Kapepalako kalowe m'botolo momwemo, komata panja kamamatuka. Nsomba yopanda kapepala kwa akatswiri ilibe ntchito kwenikweni, sadziwa kuti yachokera ku Likhubula kapena ku Thuchila.

Mukatha pitani nayo ku ofesi ya za nsomba pa boma kapena ku myuziyamu ya ku Chichiri ku Blantyre, zithunzi zija zili mufoni. Mu minibasi botolo muligwire pamiyendo, musalipereke kuti likhale ndi katundu kumbuyo.