Mmene ndinachepetsera ndalama za intaneti pophunzira pa OpenLearn

Maphunziro a pa tsamba la intaneti la OpenLearn, amene sukulu ya ukachenjede ya Open University ya ku Britain inayamba kupereka mu 2006, ndi aulere ndithu, koma mavidiyo ake ankandithera bandulo ya sabata yonse ndisanafike patali ndi phunziro la masamu limene ndinasankha.

Nditayang'anitsitsa tsamba loyamba la phunzirolo, ndinapeza kuti likhoza kutsitsidwa lonse ngati PDF kapena Word, ndipo ndinalitsitsa usiku pamene mabandulo amakhala otsika mtengo. Tsopano ndimawerenga pa foni nditazimitsa intaneti, ndikuwerengetsera masamuwo m'kope. Mavidiyo ambiri ali ndi mawu ake olembedwa, choncho ndimawerenga mawuwo, kupatula pamene mphunzitsi akusonyeza njira yowerengetsera, chifukwa pamenepo kuona ndi maso kumaposa kuwerenga.

Chofunika kusamala ndi chikalata chotsimikizira kuti munthu waphunzira, chifukwa zimene wawerenga popanda intaneti sizidziwika kwa eni ake a OpenLearn. Choncho kumapeto kwa sabata ndimalowa mu akaunti yanga, kutsegula masamba amene ndawerenga kale osaseweretsa mavidiyo, kenako kuyankha mafunso oyeserera.