Mmene Mungachitire Jailbreak kapena Root pa Foni Popanda Kuika Ndalama Zanu Pachiswe

Mawu akuti jailbreak amanena za kuchotsa maloko amene kampani ya Apple inaika mu iPhone, kuti mwini foni athe kuikamo mapulogalamu amene sanadutse mu App Store ndiponso kusintha zinthu za mkati zimene kampaniyo salola kuti munthu azikhudze. Pa mafoni a Android, monga Samsung, Tecno, itel ndi Infinix, ntchito yofanana nayo imatchedwa root. Zimenezi n'zosiyana ndi kuflasha foni, kumene amisiri a mumsika amachita pobwezeretsa pulogalamu yoyendetsa foni ikasokonezeka, komanso n'zosiyana ndi kutsegula foni yochokera kunja kuti ilandire simu khadi ya kuno. Ndayamba ndi kusiyanitsa zimenezi chifukwa anthu ambiri amalipira ntchito ina pamene vuto lawo likufuna ina. Ngati iPhone imene mwagula ikufunsa akaunti ya iCloud ya munthu wina, jailbreak siingaisandutse yanu, ndipo chanzeru ndi kuibweza kwa amene anakugulitsani kuti akufotokozereni kumene anaitenga.

Choyamba, dzifunseni chimene mukufuna kupeza, ndipo muyankhe mosadzinamiza. Kale phindu lake linali lalikulu kwambiri. iPhone yoyamba itatuluka mu 2007 inalibe App Store, ndipo ku America inkagwira ntchito pa netiweki ya AT&T yokha, mpaka mnyamata wa zaka 17, George Hotz, anaitsegula chaka chomwecho. Mu 2008 Jay Freeman anatulutsa Cydia, msika wa mapulogalamu a mafoni otsegulidwa, ndipo kumeneko anthu ankapeza zinthu zimene Apple inadzabweretsa patapita zaka. SBSettings inkalola munthu kuyatsa ndi kuzimitsa Wi-Fi mwachangu Control Center isanabwere mu iOS 7 mu 2013, ndipo f.lux inkachepetsa kuwala kolasa m'maso usiku Night Shift isanabwere mu 2016. Mfundo imeneyi ili ndi mbali ziwiri: ikusonyeza kuti anthu a jailbreak anali ndi nzeru, koma ikusonyezanso kuti zambiri zimene ankavutikira zili kale mu foni yanu lero.

Phindu limene latsala, makamaka pa Android, si lochepa ayi. Mukhoza kuchotsa mapulogalamu obwera ndi foni amene amadya malo, batire ndi bandulo, amene mwa njira ya masiku onse foni imakana kuwafufuta. Mukhoza kutseka zotsatsa malonda pa foni yonse, kuletsa pulogalamu inayake kuti isagwire intaneti mpang'ono pomwe, ndiponso kusunga kope lathunthu la zonse za mkati. Chachikulu kuposa zonsezi, m'kuona kwanga, ndi kutsitsimutsa foni yakale imene kampani inasiya kuitumizira update: mukatsegula bootloader (kapulogalamu koyamba kugwira ntchito foni ikamayaka, kamene kamakhala kokhoma), pa mafoni ena mukhoza kuikamo LineageOS, mtundu wa Android wopangidwa ndi anthu odzipereka, ndipo foni imene ikanangokhala m'kabati imayambanso kugwira ntchito ndi Android yatsopano. Ngati chifukwa chanu chili chimodzi mwa zimenezi, pitirizani kuwerenga. Ngati chifukwa chanu ndi kufuna mapulogalamu olipira mwaulere, mwasankha khomo lenileni limene akuba amadikirirapo.

Kuti mumvetse ngozi yake, ganizirani mmene foni inamangidwira. Pulogalamu iliyonse imakhala ngati m'chipinda chakechake chokhoma, moti masewera amene mwana wanu anaika sangasuzumire mu WhatsApp kapena mu pulogalamu ya banki. Jailbreak ndi root zimapanga kiyi wotsegula zipinda zonse, ndipo pulogalamu iliyonse imene mwaipatsa kiyi ameneyu ingathe kuwerenga mauthenga anu, kuona zimene mukulemba, ndi kutenga nambala zachinsinsi zimene banki imakutumizirani pa SMS. Pa foni imene imasunga Airtel Money, Mpamba kapena akaunti ya banki, zimenezi zikutanthauza kuti PIN imene mumabisa ndi dzanja mukakhala kwa ejenti ingatengedwe ndi chinthu chimene chili mkati mwa foni momwemo.

Zoterezi zinachitikapo kale. Mu November 2009, ku Australia, kachilombo kotchedwa Ikee kanalowa m'mafoni a jailbreak amene eni ake anaikamo SSH, njira yolowera mu foni kuchokera pa kompyuta, koma osasintha pasiwedi yobwera nayo, imene inali mawu akuti alpine pa iPhone iliyonse. Ikee kanangosintha chithunzi cha pa sikirini, koma patangopita masabata ochepa kunatuluka kachilombo kena kodzera pakhomo lomwelo, kamene kankalondolera anthu a ku Netherlands ku tsamba lonamizira la banki. Mu 2015 kampani ya Palo Alto Networks inalengeza za KeyRaider, pulogalamu yakuba imene inatenga maakaunti a Apple oposa 225,000, ambiri mwa iwo a ku China, kudzera m'mapulogalamu amene anthu ankatenga m'misika yosadalirika ya mu Cydia. Ena mwa mapulogalamuwo ankalonjeza zinthu zaulere za mu App Store, ndipo zaulerezo zinkalipiridwa ndi maakaunti a anthu ena obedwa.

Pali ngozi ina imene siioneka msanga, koma ndi imene ndimaiona kuti ndi yaikulu. Jailbreak iliyonse imadalira bowo la m'chitetezo cha foni, ndipo Apple ikatseka bowolo mu update yotsatira, jailbreak imatha. Choncho munthu amene akufuna kusunga jailbreak yake amakana update mwezi ndi mwezi, ndipo foni yake imatsala ndi mabowo onse amene dziko lonse likuwadziwa kale. Mabowo amenewa sasankha wolowa. JailbreakMe ya mu 2010 inkatsegula iPhone munthu akangolowa pa tsamba lina la pa intaneti, chifukwa cha bowo la mmene foni inkawerengera mafayilo a PDF, ndipo wina aliyense wa zolinga zoipa akanatha kudzera pomwepo. Mu 2016, ofufuza a Citizen Lab ndi Lookout anapeza kuti pulogalamu yaukazitape ya Pegasus inkachita jailbreak mwakachetechete pa foni ya munthu amene yamulondola, ndipo Apple inatulutsa iOS 9.3.5 mwamsangamsanga kuti itseke mabowo atatu.

Ngati mwaganizabe zopitiriza, lamulo loyamba ndi lakuti musachite zimenezi pa foni imene ili ndi ndalama zanu. Gwiritsani ntchito foni yachiwiri, yopanda simu khadi yolandirira mauthenga a banki, ndipo mulowemo ndi akaunti ya Apple kapena ya Google yatsopano imene ilibe zithunzi ndi makalata anu. Mapulogalamu ambiri a mabanki amakana kutseguka akazindikira kuti foni yatsegulidwa, ndipo pa Android amafufuza zimenezi kudzera mu Play Integrity ya Google. Alipo anthu amene amaphunzitsana njira zobisira root kuti pulogalamu ya banki ipusitsike, koma kutero ndi kuthamangitsa mlonda amene akulondera katundu wanu yemwe.

Kenako onani mtundu weniweni wa foni yanu ndi nambala ya iOS kapena Android imene ilimo, pansi pa About mu Settings, chifukwa chida chilichonse chimagwira pa mitundu yowerengeka yokha. Pa iPhone, bowo lotchedwa checkm8, limene linalengezedwa mu September 2019, lili mu chip momwemo ndipo Apple singalitseke ndi update; limakhudza mafoni kuyambira iPhone 4S mpaka iPhone X, ndipo zida za checkra1n ndi palera1n zimadalira bowo limeneli. Koma dziwani kuti pa iPhone 8 ndi iPhone X zida zimenezi zimafuna kuti muchotse nambala yokhomera sikirini, kutanthauza kuti foni ikagwa m'minibasi, wotola amalowa popanda chomuletsa. Mafoni atsopanoko amadalira zida monga Dopamine, imene imagwira pa mitundu ina ya iOS 15 ndi 16. Ngati foni yanu ili pa iOS yatsopano kwambiri, musavutike kufunafuna njira yobwerera m'mbuyo, pakuti Apple imasiya kuvomereza iOS yakale pakangopita nthawi yochepa yatsopano itatuluka. Tsamba lililonse limene likulonjeza jailbreak ya iOS yatsopano popanda kompyuta, kenako n'kukuuzani kuti muyambe mwaika mapulogalamu awiri kapena kuyankha mafunso, ndi la akathyali. Zida zenizeni ndi zaulere, ndipo zimatengedwa pa tsamba la amene anazipanga kapena pa GitHub yawo (tsamba limene opanga mapulogalamu amaikapo ntchito zawo), osati pa linki ya m'gulu la WhatsApp.

Musanakhudze chilichonse, sungani kope la zonse pa kompyuta, kudzera mu iTunes pa Windows kapena Finder pa Mac, ndipo zithunzi muzikopere padera. Tchajani foni, pezani kebulo yabwino yosagwedera, ndipo mugwiritse ntchito laputopu yokhala ndi batire lamoyo, chifukwa magetsi akathima ntchito ili pakati foni ingathe kukana kuyaka.

Pa Android njira yake imayenda motere. Mu About phone dinani Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options ioneke, ndipo mmenemo yatsani OEM unlocking. Mukalumikiza foni ku kompyuta, lamulo lolemba pa kompyutapo lakuti fastboot flashing unlock limatsegula bootloader pa mafoni ambiri, ndipo nthawi yomweyo foni imafufuta zonse zimene zili mkati, n'chifukwa chake kope lija liyenera kukhalapo kale. Kenako mumatenga fayilo ya boot yochokera mu firmware ya foni yanu (pulogalamu yoyendetsa foni yochokera ku kampani), n'kuikonza ndi Magisk, chida chimene John Wu anapanga, n'kuibwezera mu foni. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa: fayiloyo iyenera kufanana ndendende ndi Build number ya foni yanu, chilembo ndi chilembo, osangoti dzina la foni likufanana. Ine ndinanyozerapo zimenezi pa foni yanga yakale, poganiza kuti kusiyana kwa zilembo ziwiri zakumapeto kulibe kanthu. Foniyo inkayaka, n'kuonetsa chizindikiro cha kampani, n'kuthima, n'kuyakanso, usiku wonse ili pa tebulo mpaka batire linatha, ndipo ndinatha masiku awiri ndi bandulo yambiri ndikufunafuna firmware yoyenera. Zida zolonjeza root pongodina batani limodzi muzipewe, chifukwa simudziwa chimene zimasiya mkati.

Makampani amasiyana pa nkhaniyi. Huawei inasiya kupereka nambala zotsegulira bootloader mu 2018, ndipo Xiaomi inkadikiritsa anthu maola 168 isanalole. Samsung ili ndi chitetezo chotchedwa Knox, chokhala ndi kachizindikiro ka mu chip kamene kamapsa kamodzi kokha mukaikamo firmware yosavomerezeka. Kakapsa sikabwereranso, ndipo Secure Folder ndi Samsung Wallet zimasiya kugwira ntchito ngakhale mutabwezeretsa zonse mwakale. Za malamulo, ku America ofesi ya Library of Congress inavomereza mu 2010 kuti kuchita jailbreak pa foni yako si kuswa lamulo la kukopera, komabe Apple imanena poyera kuti ikhoza kukana kukonza foni yoteroyo pa waranti. Foni yapangongole imene simunamalize kulipira musaikhudze, pakuti loko wake ndi gawo la mgwirizano umene munasaina.

Ntchito ikatheka, chinthu choyamba pa iPhone ndi pasiwedi ya mkati. Zida zatsopano zimakufunsani kuti muike yanu, ndipo pa zakale mumaisintha polemba lamulo lakuti passwd. Ngati SSH simukuifuna, musaiike n'komwe. Mu Sileo kapena Zebra, amene analowa m'malo mwa Cydia, khalani ndi misika yodziwika yokha, ndipo muziika chinthu chimodzi n'kuona mmene foni ikuyendera kwa tsiku lathunthu musanaonjezere china, kuti batire likayamba kutha msanga kapena foni ikayamba kutentha mudziwe chimene chachititsa. Pa Android, Magisk imakufunsani pulogalamu ikapempha mphamvu za root, ndipo yankho lanu lizikhala lokana, pokhapokha mukudziwa chifukwa chake ikuzifuna. Pulogalamu ya tochi kapena ya nyimbo ilibe chifukwa chopemphera kiyi wa nyumba yonse.

Kubwerera m'mbuyo n'kotheka. Jailbreak zambiri za masiku ano zimachoka foni ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso, koma mafayilo ake amatsalira mkati, choncho njira yotsimikizika ndi Restore kudzera mu iTunes kapena Finder, imene imafufuta zonse n'kuika iOS yatsopano kwambiri imene foniyo ingalandire. Pa Android bwezeretsani firmware yoyambirira yonse musanakhomenso bootloader, chifukwa kukhoma foni idakali ndi mafayilo osinthidwa kungaiphe. Chimodzimodzinso pogula foni yogwiritsidwapo kale ntchito: musanalipire, fufuzani ngati muli Cydia, Sileo, Zebra kapena Magisk, kenako muizimitse n'kuiyatsa wogulitsa akuona, pakuti mafoni ambiri a Android otsegulidwa bootloader amaonetsa chenjezo pa sikirini poyaka. Mukapeza chimodzi mwa zimenezi, foniyo ifufutidwe ndi kuikidwa firmware yoyambirira musanaikemo simu khadi yanu.