Zoyenera kuzidziwa bwino musanauluke nokha ndi ndege yaing'ono

Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, amati wofuna laisensi ya PPL, yoyendetsera ndege mosalipidwa, akhale wa zaka zosachepera 17, akhale ndi chiphaso cha dokotala cha Class 2, ndipo auluke maola osachepera 40. Mwa maola amenewa, 10 amauluka yekha popanda mphunzitsi, ndipo ulendo umodzi uyenera kukwana makilomita 270, wotera pa mabwalo awiri osiyana. Ku Ulaya amafuna maola 45. Ambiri amapyola pamenepo asanayesedwe, ndipo si zamanyazi. Pitani kwa dokotala musanalipire sukulu ndalama zambiri, chifukwa vuto la mtima kapena khunyu likapezeka mochedwa, ndalamazo zapita.

Mafuta ndi kulemera

Geji ya mafuta ya m'ndege monga Cessna 172 kapena Piper PA-28 musaidalire. Tsegulani thanki iliyonse, muviike ndodo yoyezera, muwerenge ndi maso anu. Kenako khetserani pang'ono m'kabotolo koonekera mkati kuchokera pa malo onse okhetsera. Avgas 100LL, petulo wa ndege zazing'onozi, ndi ya buluu. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, ndiye amakhazikika pansi pa kabotolo ngati timadontho. Msampha uli apa: kabotolo kakadzaza madzi okhaokha sipaoneka mzere wolekanitsa, kamangooneka koyera bwino. N'chifukwa chake muyenera kuona mtundu ndi kununkhiza. Fungo la parafini likutanthauza kuti athiramo Jet A-1, mafuta a ndege za jeti, ndipo injini ya mapisitoni ikamwa mafuta amenewa imagogoda n'kufa, kawirikawiri ndege itangonyamuka kumene. Madzi amalowera pa chitsekerero chimene labala wake watha, kapena amachokera ku chinyezi cha m'thanki imene yagona yosadzaza.

Mafuta muziwawerengera pa nthawi, osati pa mtunda, popeza mphepo yochokera kutsogolo imatalikitsa ulendo. Cessna 172 imamwa malita 30 mpaka 35 pa ola. Lamulo la ku America limafuna otsala a mphindi 30 masana ndi 45 usiku, koma wophunzira azisiya a ola lathunthu. PA-28 imamwa thanki imodzi pa nthawi, choncho muzisintha thanki pa mphindi 30 zilizonse. Pali ndege zimene zinatera m'tchire thanki inayo ili yodzaza.

Lita imodzi ya avgas imalemera makilogalamu 0.72. Cessna 172S siiloledwa kunyamuka ikaposa makilogalamu 1,157, ndipo mafuta odzaza okha amatenga pafupifupi 144. Mipando inayi sikutanthauza kuti akuluakulu anayi, zikwama ndi mafuta odzaza zikwana. Werengerani papepala, muonenso pamene kulemera kwagwera. Katundu akachuluka kumbuyo, mphuno imavuta kutsitsa pa nthawi imene mukufunikira kwambiri kuitsitsa.

Musanalowe mu msewu wonyamukira

Poyesa mamagineto, zipangizo ziwiri zopereka moto ku mapulagi, pa Cessna 172N, injini imaikidwa pa RPM 1,700, kutanthauza maulendo amene ikuzungulira pa mphindi. Magineto iliyonse payokha isagwetse RPM zoposa 125, ndipo ziwirizo zisasiyane ndi zoposa 50. Ndege zina zili ndi manambala ake, tsatirani buku la ndege yanuyo. RPM ikapanda kugwa n'komwe musasangalale. Waya wozimitsira magineto akhoza kukhala ataduka, ndiye kuti injini itha kulira munthu akangotembenuza pulopela, ngakhale kiyi ali m'thumba.

Kutentha kumapepukitsa mpweya, ndipo phiko, pulopela ndi injini zonse zimafooka. Mpweya woyezera umakhala madigiri 15 pa mulingo wa nyanja ya mchere, n'kumatsika ndi madigiri 2 pa mafiti 1,000 alionse. Digiri iliyonse yopyola pamenepo imachititsa ndege kuchita ngati bwalo lakwera ndi mafiti ena pafupifupi 120. Pa bwalo la mafiti 4,000 payenera kukhala madigiri 7. Kukatentha madigiri 32, ndege imachita ngati ili pa mafiti 7,000: imathamanga pansi mtunda wautali ndipo imakwera mwaulesi. Sankhani chizindikiro pakatikati pa msewu. Mukachifika liwiro lisanakwane 70 peresenti ya lonyamukira, bwezani throttle, chogwirira chowonjezera mphamvu ya injini, pondani mabuleki.

Nenani mokweza zimene mudzachite injini ikafa mutangonyamuka. Choyamba n'kutsitsa mphuno nthawi yomweyo kuti mugwire liwiro lotsetserekera, lomwe pa 172N ndi ma knot 65 (knot ndi muyeso wa liwiro la ndege), n'kutera kutsogolo, osapatuka kuposa madigiri 30 mbali iliyonse. Mtima udzakuuzani kuti mubwerere ku bwalo. Musaumvere muli pansi kwambiri, chifukwa kukhota koteroko kumadya utali umene mulibe.

Pamene ambiri amafera: pokhotera kukatera

Phiko silileka kunyamula chifukwa cha kuchepa kwa liwiro kokha. Kuleka kunyamulako, kumene kumatchedwa stall, kumachitika mphepo ikamenya phiko pa ngodya yopyola madigiri 15 kapena 16, ndipo izi zitha kuchitika pa liwiro lililonse mukakoka chiwongolero mwamphamvu. Mukapendekera madigiri 45 osatsika, liwiro la stall limakwera ndi 19 peresenti. Pa madigiri 60 ndege imadzimva kulemera kawiri ndipo liwirolo limakwera ndi 41 peresenti, moti ndege imene imachita stall pa ma knot 50 imaichita pa 70.

Ngozi yake imayenda chonchi. Mphepo ikukukankhani kuchokera kumbuyo pa base, mbali imene mumadutsa musanakhote komaliza kuloza msewu woterapo, mwachedwa kukhota, ndipo mwapyola mzere wa msewu. Munaphunzitsidwa kusapendekera kwambiri pafupi ndi nthaka, ndiye mukuponda rudder, chiwongolero cha kumchira, ya mbali imene mukukhotera kuti mphuno ifulumire kutembenuka. Phiko lakunja lithamanga, ndege iwonjezera kupendekera, inu muibweza ndi chiwongolero. Mphuno igwa, inu mukoka. Phiko la mkati lichita stall loyamba, ndege itembenuzika n'kuyamba kuzungulira. Pa mafiti 400 palibe amene angaibweze, ngakhale mphunzitsi.

Mankhwala ake ndi osavuta koma amafuna chizolowezi. Musapyole madigiri 30 pozungulira bwalo, kampira ka pa geji, koonetsa ngati ndege ikutererera chammbali, kakhale pakati, ndipo mukapyola mzere ikani mphamvu yonse, mukwere, muyambirenso. Kuyambiranso kutera si kulephera, ndipo woyesa mayeso amakukondani nako. Belu la stall likalira, kankhani chiwongolero kaye, kenako mphamvu yonse, kenako wongolani mapiko. Kuyamba ndi kuwongola mapiko phiko lisanagwirenso mphepo kumaligwetseratu.

Ayezi m'kabureta

Mafuta akamasanduka nthunzi pa khosi lopapatiza la kabureta, mpweya umazizira ndi madigiri 20 kapena kuposa, ndipo chinyezi chimaundana pa khomo la throttle. Zimachitika ngakhale kunja kuli madigiri 25, makamaka mukamatsika ndi mphamvu yochepa. Chizindikiro choyamba ndi RPM yotsika pang'onopang'ono popanda inu kukhudza kanthu. Kokani carb heat, chogwirira cholowetsa mpweya wotentha m'kabureta, yonse osati theka. Injini iyamba kutsokomola kuposa poyamba chifukwa ikumeza madzi a ayezi wosungunukayo. Apa ndi pamene ambiri amachita mantha n'kuibweza. Isiyeni mpaka RPM ikwere. Ndege za fuel injection monga 172S zilibe kabureta, koma musazolowere kuiwala, chifukwa tsiku lina mudzakwera ina.

Mitambo

Werengani METAR (nyengo ya panopa), TAF (nyengo yoyembekezeka) ndi NOTAM (zidziwitso kwa oyendetsa ndege) za kumene mukupita ndi za bwalo lothawirako. Kutentha kwa mpweya kukayandikana ndi dew point, mulingo umene chinyezi chimayamba kusanduka mame, mpaka kusiyana madigiri 2 okha, yembekezerani nkhungu. Mu 1954 ofufuza a pa University of Illinois anayesa oyendetsa ndege 20 osaphunzira kuuluka ndi mageji okha, atawatchingira kuti asaone kunja. Pa avereji anataya ulamuliro wa ndege pa masekondi 178. Khutu la mkati limanama: ndege ikamakhota pang'onopang'ono, thupi limamva ngati ili chilili. Mukalowa mumtambo mosayembekezera, maso akhale pa attitude indicator, geji yoonetsa mmene ndege yapendekera, mupendekere madigiri 15, mukhote kwa mphindi imodzi kubwerera kumene mwachokera, n'kuwongola.

Za wailesi n'zochepa. Yendetsani ndege kaye, dziwani kumene muli, kulankhula kubwere pambuyo. Pa ngozi nenani Mayday katatu pa frequency imene muli kapena pa 121.5, n'kuika transponder, chipangizo chotumiza nambala kwa oyang'anira ndege, pa 7700. Wailesi ikafa ikani 7600. Ngati simunamve zimene oyang'anira ndege a pa tawala anena, pemphani abwereze, ndipo auzeni kuti ndinu wophunzira kuti alankhule mosathamanga. Musadutse mzere woimira pa khomo la msewu musanamve nambala ya ndege yanu ndi chilolezo, n'kuchibwereza ndi pakamwa panu.