Kugona padoko la asodzi ku Scotland ndi galimoto ya motorhome

Amalawi ambiri amene tili ku Britain timatha zaka tikungozungulira pakati pa nyumba, kuntchito ndi kutchalitchi, osaona n'komwe gombe la dziko limene tikukhalamo, chonsecho pali njira yoti banja lonse liyende popanda kulipira hotela usiku uliwonse. Njirayo ndi kubwereka motorhome, galimoto yokhala ndi mabedi, pophikira ndi chimbudzi, n'kumagona pamalo amene anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anakonzera apaulendo, makamaka pamadoko a asodzi.

Musanalipire kalikonse, yambani mwaona laisensi yanu. Ya ku Malawi imagwira ntchito kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene munayamba kukhala ku Britain, ndipo saisinthanitsa ndi ya kuno monga amachitira ndi ya ku South Africa kapena ya ku Zimbabwe, choncho nthawiyo ikatha muyenera kukhoza mayeso a kuno. Laisensi ya gulu B, imene ndi ya galimoto wamba, imakulolani galimoto imene kulemera kwake kovomerezeka, pamodzi ndi anthu, madzi ndi katundu, sikupitirira makilogalamu 3,500, ndipo yoposa apo imafuna gulu C1. Funsaninso obwereketsawo ngati inshuwalansi yawo ikuvomera laisensi yanu.

Ambiri amatsata njira ya North Coast 500, yozungulira kumpoto kwa Scotland, imene inakhazikitsidwa mu 2015 ndipo imayambira ndi kuthera ku Inverness, mtunda wa mamailosi 516. Misewu ina kumeneko ndi yokwana galimoto imodzi, choncho mukaona ena akubwera kutsogolo kapena akundanda pambuyo panu, lowani pamalo opatukira a kumanzere kwanu kuti adutse. Chakumpoto cha kumadzulo kuli Kinlochbervie, doko la asodzi kumene eni mudzi anakonza malo ogonapo magalimoto otere pa Loch Clash. Malo ngati amenewa amakhala ochepa ndipo mu July ndi August amadzaza msanga, motero ndi bwino kufika dzuwa likadali m'mwamba. Musanamizidwe ndi mawu akuti ku Scotland munthu amagona paliponse, pakuti ufulu woyenda ndi kugona m'tchire umene lamulo la kumeneko la 2003 linapereka sukhudza magalimoto.

Chimene ndikufuna muchisunge kwambiri n'chakuti doko ndi pantchito pa eni ake. Maboti amatha kufika usiku, malole onyamula nsomba amadutsa mbandakucha, ndipo inu mukaimika galimoto potsetsereka pamene amatsitsira maboti, kapena pafupi ndi maukonde ndi zingwe zawo, mwaimitsa ntchito ya munthu amene akudyetsa ana ake. Ife amene tinakulira ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay timadziwa mwera, koma nyanja yathu siikwera ndi kuphwa kawiri patsiku monga imachitira nyanja yamchere. Mwala umene mwana wakhalapo masana umakhala utamira madzulo, ndipo masitepe a padoko amaterera ndi ndere. Ana asayende okha m'mphepete mwa khoma, ndipo wina akagwera m'madzi imbani 999 n'kupempha a Coastguard, amene amapulumutsa anthu panyanja.

Nkhani imene imadanitsa kwambiri apaulendo ndi eni midzi ndi ya zonyansa. Thanki ya chimbudzi ikhuthulidwe pokhapo pamene anakonzera zimenezo, osati m'nyanja, m'tchire kapena m'chimbudzi cha anthu onse, chifukwa mankhwala ake amaononga maenje a zimbudzi a m'midzi imeneyi. Madzi otsukira mbale nawonso ali ndi potayira pake. Ngati pali bokosi loponyamo ndalama popanda wolondera, lipirani ndithu, popeza ndalamazo n'zimene zimasamalira mpopi ndi magetsi amene mukugwiritsa ntchito.

Usiku kumazizira ngakhale m'nyengo yotentha, koma musayerekeze kulowetsa mbaula kapena makala owotchera nyama m'galimoto, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo. Polandira galimoto, pemphani akuonetseni kuti alamu ya mpweyawu ikulira ndiponso potsekera gasi. Tenganinso mankhwala odzola othamangitsa timidge, tizilombo toluma tochepa kuposa udzudzu, timene timachuluka kumadzuloko kuyambira June mpaka August, makamaka madzulo mphepo ikaleka.