Webusaiti ikuchedwa kutsekuka pa foni? Yambani ndi zithunzi

Webusaiti ikayamba kuchedwa, eni ake ambiri amathamangira kudzudzula kampani yosunga webusaitiyo, ena amangoti netiweki yavuta. Musanasamukire pa seva ina kapena kugula plugin (pulogalamu yowonjezera pa webusaiti) yodula, yang'anani kaye zithunzi. Nthawi zambiri vuto limagona pamenepo.

Tiwerengere limodzi. Foni ya mamegapikiselo 12 imajambula chithunzi cha mapikiselo 4000 chopingasa ndi 3000 chotsika, ndipo fayilo yake imatha kufika 4 MB. Pa netiweki ya 2 Mbps, chithunzi chimodzi chokhacho chimatenga masekondi 16 kuti chitsike chonse. Mukaika khumi pankhani imodzi, ndiye 40 MB imeneyo, yochoka pa bandulo ya munthu amene mwina wagula ya tsiku limodzi lokha. Chowawa n'chakuti danga limene chithunzicho chikuonekera pa tsambalo kawirikawiri silipitirira mapikiselo 800. Wowerenga walipirira mapikiselo amene maso ake sadzawaona.

Choyamba n'kupeza zithunzi zimene zikulemera. Tsekulani tsambalo mu Chrome pa kompyuta, dinani F12, pitani pa Network, chongani Disable cache, sankhani Img, kenako tsekulaninso tsambalo. Dinani pamutu wa Size kuti zikuluzikulu zibwere pamwamba. Chilichonse chopitirira 300 KB chikayikireni. Pomwepo pali posankhira liwiro la netiweki: sankhani 3G, mutsekulenso, muone mmene chithunzi chikutulukira pang'onopang'ono kuyambira pamwamba ngati chinsalu chikutsitsidwa. Zimenezo n'zimene akuona wowerenga amene ali kutali ndi tauni. Musayese pa Wi-Fi ya ku ofesi yokha, imanamiza.

Mukazipeza, chepetsani kukula musanachepetse china chilichonse. Chithunzi cha mkati mwa nkhani chikhale cha mapikiselo 1200 chopingasa, chachikulu cha pamwamba pa tsamba 1600. Chida chaulere cha Squoosh chimagwira ntchito mu burawuza momwemo: ponyanimo chithunzi, chongani Resize, lembani 1200, sankhani WebP (mtundu wa fayilo ya chithunzi wopepuka), quality muike pakati pa 75 ndi 80. Pakati pa sikirini pali mzere wokoka umene umaonetsa chakale mbali imodzi, chatsopano mbali ina. Ukokereni pankhope ya munthu kapena pa zilembo, chifukwa m'pamene kuwonongeka kumayamba kuonekera. Chithunzi cha 4 MB chija chikhoza kutsika mpaka cha m'ma 150 KB popanda diso kuzindikira kusiyana. Mukatsitsa quality kwambiri, thambo ndi khungu zimayamba timabokosi.

WebP musaiope. Google inaitulutsa mu 2010, Safari, burawuza ya Apple, inayamba kuiwerenga mu 2020, ndipo WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, imailandira kuyambira pa mtundu wake wa 5.8. Chokhacho, chithunzi cha og:image, chimene chimaoneka linki ikagawidwa pa Facebook kapena WhatsApp, ndi bwino chikhale JPEG ya 1200 ndi 630. Ndipo chonde lekani kusunga zithunzi za kamera ngati PNG. PNG siitaya kanthu, n'chifukwa chake imalemera kwambiri. Ndi yoyenera logo kapena chojambula cha mitundu yochepa. Mapositala opangidwa pa Canva ndi amene amagwera m'mbuna imeneyi kawirikawiri.

Ena amati WordPress imachepetsa yokha. N'zoona, koma pang'ono chabe: kuyambira pa 5.3 imatsitsa zithunzi zazikulu kufika pa mapikiselo 2560 n'kuwonjezera mawu akuti -scaled pa dzina la fayilo. Koma 2560 ikadali yaikulu pa foni. Chimene chimathandiza ndi srcset, imene imapatsa burawuza mndandanda wa makulidwe osiyanasiyana kuti isankhe okha oyenera sikirini. WordPress imailemba yokha kuyambira pa 4.4, bola chithunzicho mwachiika kudzera mu Media Library. Mukamata linki ya chithunzi pamanja, kapena chikaikidwa ngati background mu CSS monga amachitira ma theme (mapangidwe a maonekedwe a webusaiti) ambiri, srcset kulibe, ndipo foni imakoka chachikulu chija. Olemba HTML pamanja apange mafayilo atatu, a 480, 800 ndi 1200, awalembe mu srcset, ndipo asaiwale sizes. Popanda sizes burawuza imaganiza kuti chithunzicho chidzaza sikirini yonse n'kusankha chachikulu mosafunikira.

Tsopano nkhani ya loading="lazy". Imauza burawuza kuti isakoke chithunzi mpaka wowerenga atachiyandikira potsika m'munsi. Ndi yabwino pa zithunzi zonse za m'munsi, koma pa chithunzi choyamba cha pamwamba ndi yoononga, chifukwa imachedwetsa chinthu chimene munthu akuyembekezera kuona. Chimenecho chichotseni lazy, muchipatse fetchpriority="high". Chida cha Google choyezera liwiro la tsamba, PageSpeed Insights, chikakuuzani kuti LCP (nthawi imene chinthu chachikulu pa sikirini chimatenga kuti chioneke) yapitirira masekondi 2.5, yambani kuyang'ana pamenepa. Ngati pamwambapo pali slider ya zithunzi zisanu zosinthanasinthana, ichotseni, musiye chimodzi chabwino.

Pali vuto lina limene anthu salilumikiza ndi zithunzi: mukuwerenga, mwatsala pang'ono kudina linki, tsamba n'kudumpha, chala n'kugwera pena. Zimachitika chifukwa img, kodi ya chithunzi mu HTML, ilibe width ndi height, choncho burawuza siinasunge malo ake. Lembani manambala onse awiri mu HTML, ndipo mu CSS muike max-width: 100% ndi height: auto kuti chithunzi chisaphwanyike pa foni.

Nanga zithunzi mazanamazana zimene zili kale pa seva? Plugin monga ShortPixel kapena EWWW Image Optimizer imatha kuzichepetsa zonse pamodzi. Musanayambe, koperani foda ya wp-content/uploads yonse musunge pena, chifukwa mukafufuta zoyambirira sizibwereranso. Ikani plugin imodzi yokha ya ntchitoyi. Ziwiri zimalimbana, ndipo chithunzi chofinyidwa kawiri chimanyansa. Ngati mwasintha theme, yendetsani plugin ya Regenerate Thumbnails kuti makulidwe atsopano apangidwe.

Pomaliza, uzani seva kuti zithunzi zizisungidwa mu foni ya wowerenga, kudzera mu Cache-Control: max-age=31536000, amene ndi masekondi a chaka chimodzi. Wobweranso mawa sadzalipiranso logo yomwe ija. Koma mukasintha chithunzi, sinthaninso dzina la fayilo, mwachitsanzo banner-2.webp m'malo mwa banner.webp. Mukasiya dzina lakale, amene anabwerapo kale apitiriza kuona chithunzi chakale ngakhale inu mutaika chatsopano pa seva.