Malangizo osiyitsa mwana mkaka wa m'citini ndi kumuyambitsa wa ng'ombe

Malangizo awa tawalemba m'Cinyanja kuno ku Mangochi, poganizira inu amai, atate ndi ambuya a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lusaka amene mukulera mwana wokulira mkaka wa m'citini. Zolemba za pa zitini ndi pa mapaketi zimakhala m'Cizungu, timalemba take ting'onoting'ono, ndiye ambiri amangotsata zimene anamva kwa anzawo. Pomwe dzina la cakudya lasiyana kuno ndi kwanuko, tachula onse awiri.

Mwana woyenera kusinthidwa

Ndi amene wakwanitsa miyezi 12, akudya phala ndi nsima bwinobwino, ndipo akukwera pa sikelo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2023, linati mwana wa miyezi 12 mpaka 23 amene sayamwa azimwa mkaka wa ziweto, ndipo silivomereza zitini zija zimagulitsidwa ngati za ana okulirako. Conco musadzimve mlandu poleka kugula citini. Nchito yake yatha.

Khanda losakwana miyezi 6 lisamwe mkaka wa ng'ombe ngakhale pang'ono. Pakati pa miyezi 6 ndi 11, malangizo omwewo amalola mkaka wa ziweto kwa mwana wosayamwa, koma pa msinkhu umenewo kambiranani kaye ndi a namwino. Citani cimodzimodzi ngati mwana anabadwa masiku asanakwane, ngati sikelo yaima kapena ikutsika, kapena ngati dokotala anamulembera mkaka wapadera cifukwa wamba sunkamuyanja. Mwana amene akali kuyamwa bere asasiyitsidwe cifukwa ca pepala ili: ayamwe mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Mkaka wake ndi uti

Gulani wolembedwa full cream, ndiye kuti mafuta ake onse alimo. Wolembedwa low fat kapena skimmed anaucotsa mafuta, pamene mwana wosakwana zaka 2 amawafuna kuti apeze mphamvu ndi kukula. Wa m'paketi wa pasteurised kapena wa m'katoni wa UHT, uja amati long life, unatenthetsedwa kale kufakitale, sufuna kuwiritsanso ngati mwangoutsegula kumene. Wa ufa wa full cream nawo ndi wabwino mukausungunula ndi madzi owiritsa pa muyezo wolembedwa pa paketi, osaucepetsa kuti ukhalitse. Cambiko, amene kwanuko mumati mabisi, ndi yogati wopanda shuga alinso m'gulu lovomerezeka.

Pali zina zoyera ngati mkaka zimene si mkaka wa mwana, ndipo apa mpamene timadandaula kwambiri, poti zimachipa ndipo zimapezeka pa kantini iliyonse. Ufa woyera wothira mu tiyi kapena khofi umapangidwa kwambiri ndi mafuta a zomera ndi zotsekemera. Mwana angakhute nawo koma thupi osapindula. Mkaka wa kondensedi uli ndi shuga wocuruka. Mkaka wa sitiroberi kapena cokoleti, maheu a m'botolo, thobwa ndi munkoyo, zonsezi zisalowe m'malo mwa kapu ya mkaka.

Wa kukhola kapena wogula kwa wanjinga

Uwiritseni nthawi zonse, ngakhale ng'ombeyo ndi yanu ndipo mukuidziwa. Mkaka wosawiritsa ungakhale ndi tizilombo ta TB ya ng'ombe, ta brucellosis, matenda aja amapolozetsa ng'ombe, ndi ta kutsegula m'mimba, ndipo maso sangaone. Thirani m'poto woyera, takasani kuti usapserere, uwire mpaka thovu likwere, phulani, vundikirani, uzizire. Wa mbuzi ndi cimodzimodzi. Cambiko copangira pakhomo cicokere ku mkaka wowiritsa.

Kutentha nako ndi mdani. Kuno ku nyanja mu Okutobala ndi Novembala mkaka wa m'mawa sufika masana, ndipo a m'cigwa ca Luangwa mukudziwa zomwezo. Mkaka wotsegula usakhale kunja kwa firiji kupitirira maola 2, ndipo tsiku lotentha kwambiri ola limodzi cabe. Katoni ya long life imakhalitsa ikakhala yosatsegula. Mukaiboola yasanduka mkaka wamba, ifuna firiji ndi kumwedwa m'masiku olembedwa pa katonipo. Ngati mulibe firiji, kapena magetsi akungozimazima, gulani kapaketi kakang'ono kothera pomwepo, kapena sungunulani wa ufa kapu imodzi panthawi imene mwana akufuna kumwa. Wotsala m'kapu ya mwana musamusungire.

Kasinthidwe kake

Ana ena amalandira tsiku loyamba lomwe. Otero apatseni, palibe cifukwa cocedwera. Ena amalavula, poti wa m'citini umatsekemera kuposa wa ng'ombe ndipo anazolowera wofunda. Kwa amenewa citani pang'onopang'ono, kwa sabata kapena masiku 10. Masiku atatu oyamba, magawo atatu akhale a m'citini, gawo limodzi la ng'ombe. Kenako theka ndi theka. Kenako magawo atatu a ng'ombe, limodzi la m'citini, mpaka citini cithe osagulanso. Mwana akakana gawo latsopano, bwererani ku la dzulo masiku awiri, muyesenso.

Samalani posakaniza. Konzani kaye wa m'citini ndi madzi owiritsa monga mwa nthawi zonse, ndiyeno thiranimo wa ng'ombe. Musathire ufa wa m'citini mwacindunji mu mkaka wa ng'ombe m'malo mwa madzi, cifukwa umalimba kupyola muyezo ndi kulemetsa impso za mwana. Pofunditsa, ikani kapu m'mbale ya madzi otentha, mudonthezere padzanja kuti mumve. Shuga musathire. Akakomedwa nawo, wopanda shuga sadzaufunanso.

Muyezo wa pa tsiku

WHO imati mwana wosayamwa amene amadya nsomba, nyama kapena mazira kawirikawiri afuna mamililita 200 mpaka 400 a mkaka pa tsiku, ndipo amene sapeza zakudya zimenezi afuna 300 mpaka 500. Kunena mwacidule, makapu awiri ang'onoang'ono: imodzi m'mawa, ina madzulo. Paketi ya mamililita 500 ndiyo malire a tsiku lonse kwa ana ambiri, kuwerengera ndi wothira m'phala womwe.

Makolo ambiri amalakwitsa pamenepa cifukwa ca cikondi. Mwana ankamwa mabotolo anai kapena asanu a m'citini, ndiye iwo amangopitiriza mabotolo omwewo ndi wa ng'ombe. Koma wa m'citini anauthira ayironi, mcere wothandiza thupi kupanga magazi, kufakitale, pamene wa ng'ombe uli ndi ayironi wocepa kwambiri, ndiponso kashiamu wake, mcere wolimbitsa mafupa, amacepetsa ayironi amene thupi lingatenge m'zakudya zina. Mwana wokhuta mkaka amakankha mbale ya nsima. Amaoneka wonenepa, aliyense n'kumamuyamikira, pamene magazi ake akucepa. Kwa ife a m'madera a malungo nkhaniyi ndi yaikulu, poti malungo nawo amatha magazi, ndipo akampeza mwana amene ali nawo ocepa kale, amafooka msanga. Conco cakudya ciyambe, mkaka utsatire pambuyo. Ludzu la pakati pa tsiku mumuphere ndi madzi owiritsa. Tiyi musampatse, nayenso amatsekereza ayironi.

Mwana wosayamwa adye kanai kapena kasanu pa tsiku, ndi kakudya kena kotolatola kamodzi kapena kawiri. Ndalama imene inkapita ku citini ipite ku ndiwo. Usipa wathu wouma, kapena kapenta wanu, muukazinge pang'ono, muusinje wonse ndi mitu yomwe mpaka ukhale ufa wosalala wopanda minga, muziika supuni m'phala kapena m'ndiwo. Dzira lophika bwino, ciwindi ca nkhuku, nyemba zokanya, nsinjiro, bonongwe amene mumati bondwe, nkhwani amene mumati cibwabwa, kholowa amene mumati kalembula, zonsezi zimabweza cimene mkaka ulibe. Onjezani cipatso, mango, papaya, gwafa, kapena ufa wa malambe amene ali mbwee kuno ku Mangochi, cifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba. Nshawa zathunthu musampatse, zingamutsamwe.

Botolo lipite limodzi ndi citini

Mkaka wa ng'ombe uyambire m'kapu yotsegula. Kapu imatsukika mosavuta ndi sopo, pamene kamphira ka botolo kamabisa zotsalira ndipo nchenche zimakakonda. Botolo la usiku ndilo lovuta kulisiya, ndiponso ndilo loononga mano, poti mkaka umagona m'kamwa mpaka kuca. Yambani kucotsa la masana, la pogona likhale lomaliza. Mpatseni kapu yake asanagone, mumutsuke mano, mumubereke kapena kumuimbira. Adzalira masiku angapo. Ambuya ndi wolera mwana agwirizane nanu, wina asamabweze botolo mwakabisira cifukwa ca cisoni.

Zizindikiro zothamangira nazo kucipatala

Cimbudzi cingasinthe pang'ono, kulimba kapena kufewa, m'masiku oyamba. Onjezani madzi ndi zipatso. Koma mwana akatupa milomo, maso kapena nkhope atangomwa, akatuluka zidzolo zoyabwa thupi lonse, akamasanza mobwereza, akamapuma movutikira kapena molira m'cifuwa, lekani mkakawo ndipo pitani kucipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Pitaninso mukaona magazi m'cimbudzi, kutsegula m'mimba kosaleka, kapena zikhato ndi m'kati mwa zikope zayera, mwana akungofooka kapena akudya dothi. Akatsegula m'mimba yambani kumumwetsa ORS, madzi aja a mcere ndi shuga obwezera madzi m'thupi, muli panjira, ndipo musaleke kumudyetsa.

Mwezi umene mwasintha mkaka musaphonye sikelo. Tengani kadi ya mwana, muwauze a namwino tsiku limene munasiya citini, mtundu wa mkaka umene akumwa ndi makapu angati pa tsiku, ndipo mufunse ngati tsiku la vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba lakwana.