Masiku omaliza pa kampu ya ana ku Poland: zoyenera kuchita musananyamuke

Ndinadzipereka kukaphunzitsa Chingerezi kwa milungu 6 pa kampu ya ana kumapiri a Tatra, kufupi ndi Zakopane. Eniake makampu a tchuthi oterewa amawatcha kolonie, ndipo amachitika mu Julaye ndi Ogasiti, sukulu zisanatsegulire kumayambiriro kwa Sepitembala. Tsiku lomaliza musaliwerengere. Mabasi amafika m'mamawa, ana akulira, wina wataya nsapato imodzi, ndipo mkulu wa kampu mumangowaona akuthamanga ndi mndandanda wa mayina. Zofunika zonse muzichite kutatsala masiku 3.

Yambani ndi kalata yaumboni. Ine ndinachita manyazi, ndinavomera zoti adzanditumizira pa imelo, ndipo ndinadikira miyezi 4 ndikukumbutsa ngati wangongole. Palibe anandichitira nkhanza, kungoti kampu ikatha aliyense amabwerera ku ntchito yake. Ilembeni nokha: tsiku loyamba ndi lomaliza, maola amene munaphunzitsa, zaka za ana, kukula kwa gulu. Kenako apatseni akuluakuluwo akonze, asayine, adinde. Chidindo kumeneko amachitcha pieczątka ndipo amachilemekeza ngati kwathu komwe. Ijambuleni pa foni musanaiike m'chikwama.

Mukatero lembani tsamba limodzi la amene adzabwere pambuyo panu. Musalembe zoti ana ndi abwino, zimenezo sizithandiza munthu. Lembani kuti mtsikana wokhala pafupi ndi windo satsegula pakamwa pagulu koma mukamupatsa pepala amalemba ziganizo zokhoza, kapena kuti masewera ampikisano akatha chakudya chamasana amathera m'ndewu. Ine ndinalembaponso za "a" ndi "the". Chipolishi chilibe timawu timeneti, monganso Chichewa, ndiye ana amangotidumpha. Nditawauza kuti nanenso ndinavutika nato ku pulayimale, anasiya kuchita manyazi akalakwa.

Kutsanzikana kwenikweni kumachitika usiku wa moto, umene amautcha ognisko. Aliyense amabaya soseji ku kamtengo n'kumawotcha, ndipo m'pamene mafunso amayamba. "Mudzabweranso chaka chamawa?" Ngati simukudziwa, nenani kuti simukudziwa. Mwana wa zaka 9 saiwala lonjezo, adzafika akukufunani. Adzakupemphaninso nambala ya WhatsApp ndi dzina lanu la pa Instagram. Kanani mwachikondi, muwauze kuti wofuna kukulemberani adzere ku ofesi ya kampu kapena kwa makolo ake. Zithunzi zawonso musaziike pa Facebook popanda chilolezo. Lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu, limene a ku Poland amalitcha RODO, lakhala likugwira ntchito kuyambira 2018, ndipo makolo kumeneko amalidziwa.

Chimene chinandiyendera bwino ndi timakalata. Ndinadula mapepala, mwana aliyense ndinamulembera mizere iwiri ya Chingerezi chosavuta yonena chinthu chimodzi chimene anachita bwino, pansi pake ndinalemba "zikomo". Zinanditengera mausiku awiri. Mnyamata amene anandisowetsa mtendere milungu yonse ija anapinda kake kanayi n'kukalowetsa m'sokosi kuti anzake asaone.

Za viza musadalire zimene mukukumbukira. Inde, lamulo la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi limene Poland ilimo, limalola masiku 90 mkati mwa masiku 180, koma chimene chikugwira ntchito pa inu ndi zimene zalembedwa m'pasipoti mwanu: tsiku lothera ndiponso chiwerengero cha masiku amene anakupatsani, chomwe chingathe kukhala chochepa. Werengani ndi chala, tsiku lolowa ndi lotuluka onse amawerengedwa.

Ndalama za kumeneko ndi złoty, osati yuro. Zotsala zisintheni kukhala madola kapena mayuro pa kantor, malo osinthira ndalama, muli mumzinda, chifukwa pabwalo la ndege amadula ndipo kwathu mudzasowa wozilandira. Zachitsulo guliranitu chokoleti.

Tikiti ya ndege isakhale ya tsiku limene kampu ikutha. Kuchoka ku Zakopane kufika ku Kraków, mzinda umene uli ndi bwalo la ndege, ndi ulendo wa maola 2 pa basi msewu ukakhala wopanda anthu, koma mu Ogasiti msewu wa Zakopianka umadzaza ndi magalimoto a anthu ochokera kutchuthi. Gonani ku Kraków usiku umodzi, muchape zovala zonunkha utsi, kalata ija muiike m'kachikwama ka m'manja pamodzi ndi pasipoti.